Pepala Lokulungira Nsomba

Mpaka lero sindidya nsomba yokulungidwa m'pepala lolembedwa. Anzanga amandiseka, amati ndimadzimva, munthu wokhala m'mbali mwa Zambezi n'kumasankha chokulungira nsomba. Aseke ndithu. Ine ndikangoona mafuta atalowerera m'zilembo za mwana, njala imathera pomwepo.

Zinayamba chaka chija cha Korona, sukulu zitatsekedwa. Ndinkaphunzitsa giredi sikisi pasukulu ina ya pulayimale kudera la Mphuka. Tinauza ana kuti apite kwawo, tidzawaitana. Tonse tinkayesa ndi nkhani ya masabata awiri kapena atatu, ndipo kunena zoona ena a ife tinasangalala mumtima kuti tipumako ku fumbi la choko.

Patapita masiku, aHedi anatiitana aphunzitsi tonse. Tinakhala pansi pa mtengo wa masau, motalikirana monga lamulo linkanenera. AHedi athu anali munthu wamimba, wokonda taye ngakhale dzuwa la kuchigwa kuno likuwotcha mpaka mbuzi kuthawira pansi pa nkhokwe. Anakulira ku Lusaka, ndipo chilankhulo cha m'tauni sanachisiye.

"Maticha, mvelani," anatero. "Bana bafunika kupitiliza kuphunzila kunyumba. Kuli bungwe yatitumila mapepala na mawailesi. Muzayenda mu mamidzi kupeleka. Koma chamene bafuna maningi ni evidensi. Kulibe evidensi, kulibe nchito."

Evidensi imeneyo inali zithunzi. Mwana akulandira mapepala, chithunzi. Mwana akumvera wailesi, chithunzi. Mapepala abwerako, awunjikeni patebulo, chithunzi. Kenako munthu umakwera pachulu cha kuseri kwa zimbudzi, pomwe netiweki inkagwirako, n'kutumiza zithunzizo kwa aHedi, iwo n'kuzitumiza kwa akuluakulu amene sitinawaonepo nkhope. Liwu limenelo ndinalimva kambirimbiri m'miyezi imeneyo, moti mpaka pano likatuluka pakamwa pa munthu ndimafuna kulavula.

Amene anakonza dongosololi, kaya ali kuti, kuno sanafikeko. Mawailesi anali ochepa, ndipo siteshoni ya maphunziro inkangolira phokoso lokhalokha. Zomveka bwino zinali nyimbo za tsidya la Mozambiki ndi nkhani za m'Chishona. Pasanathe sabata, mawailesi ambiri anali atakwera mabwato ndi azibambo, akusangalatsa asodzi pamadzi. Ndipo sindingawadzudzule. Maphunzirowo ankaulutsidwa m'mawa, nthawi yomwe mapira anali atacha ndipo mwana aliyense wa miyendo iwiri anali pansanja kumunda, akukuwa ndi kumenya zitini kuthamangitsa mpheta. Kholo liti lingasiye mbalame zimalize chakudya cha chaka chonse kuti mwana amvere phokoso?

Koma zithunzi zinkafunika, ndiye tinkazipanga. Tinkafika pamudzi panjinga, n'kutuma munthu akaitane ana kumunda. Tinkawapukuta kumaso, n'kuwakhazika pamphasa mozungulira wailesi yopanda mawu. Aliyense ankagwira pensulo ngati akulemba. Mamasiki tinali nawo asanu okha, ndiye gulu lina likajambulidwa, tinkawavula n'kuveka gulu lina, onyowa ndi thukuta ndi mamina a anzawo. Ine ndi manja angawa ndinamanga zingwe zake kumakutu a ana, kuti akuluakulu aone kuti tikuteteza ana ku matenda. Ndikakumbukira fungo la tinsalu timeneto ndimadzinyansa.

Mapepala aja anali omangidwa m'timabuku, kabuku kamodzi ka masabata awiri. Munali masamu, Chingerezi, sayansi pang'ono. Patsamba lomaliza panali bokosi lalikulu lopanda kanthu, pamwamba pake atalemba kuti uthenga kwa aphunzitsi. Bokosi limenelo ndinalikonda nditangoliona. Ndinkaima pakati pa makolo, kabuku m'manja, n'kuloza ndi chala.

"Apa mulembe chilichonse chimene mufuna kundiuza," ndinkatero. "Ngati simudziwa kulemba, uzani mwana alembe. Ine ndidzawerenga ndekha. Ngakhale sukulu yatsekedwa, tikhala tikulankhulana kudzera apa."

Palibe anandikakamiza kunena mawu amenewo. Anali anga, ochokera pakamwa panga.

M'kalasi langa munali mtsikana wina wamanzere. Anali wamkuluko kuposa anzake, chifukwa anayamba sukulu mochedwa, atalera kaye azing'ono ake. Zilembo zake zinkapendekera kumbuyo zonse, moti kope lake ndinkalidziwa ndisanaone pachikuto. Masamu ankawadziwa mochititsa mantha. Ndikalakwitsa pabolodi sankakweza dzanja, ankangondiyang'ana mwakachetechete mpaka ndizindikire ndekha. Bambo ake anali msodzi, mayi ake ankawamba nsomba ndi kulima mapira. Pojambula zithunzi ndinkamuika pakati, wailesi pamiyendo pake, chifukwa anali waukhondo ndiponso ankadziwa kukhala ngati munthu amene akumvetsera.

Ana ambiri ankabweza timabuku topanda kanthu, tina todyedwa ndi mbuzi, tina tonyowa. Iye ankabweza kake kodzaza, katakulungidwa m'pepala la pulasitiki la shuga. Ankalembera pansanja pomwepo, mayi ake anandiuza, dzanja limodzi pensulo, lina chingwe chokokera zitini.

Timabuku tikafika kusukulu, aHedi anali ndi lamulo lawo. Ankati mapepala ochokera m'nyumba za anthu angakhale ndi kachilombo, choncho tiwajambule kaye ali pamulu, kenako tiwaike m'katoni m'chipinda chosungira katundu, akhale masiku angapo kachilomboko kafe, ndiye tidzachonge. Kujambula tinkajambula tsiku lomwelo. Kuchonga ndiko kunalibe tsiku. Masiku angapo aja akatha, timabuku tatsopano tinali titafika, njinga ikudikira, zithunzi zina zikufunika. Palibe anafunsapo kuti ana akhoza bwanji. Ndikhoza kunena kuti kunkatentha, kuti miyendo inkandiwawa ndi mchenga wa m'njira, kuti kiyi wa chipindacho ankakhala ndi aHedi. Zonsezo n'zoona. Koma kiyiyo sindinamupemphe ngakhale kamodzi.

Tsiku lina nditapita kukatenga timabuku, mayi a mtsikana uja anandiperekeza mpaka pomwe ndinaimika njinga. Amuna awo anali chapafupi, atakhala pabwato lofulatitsa, akusoka ukonde. Mayiwo anatsitsa mawu.

"Madamu, mwaona vamene tinalemba?"

"Eee, ndaona," ndinayankha osaphethira. "Mwana wanu alemba bwino kwambiri."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati akudikira kuti ndipitirize. Kenako anayang'ana kwa amuna awo, n'kupukuta manja pachitenje. Ine ndinakwera njinga n'kumapita, mtima uli mbee, ndikuganiza kuti ndawasangalatsa. Bodza limenelo linali laling'ono, la mtundu womwe aphunzitsi timanena tsiku lililonse osaliwerengera. Ulendo wotsatira anandiperekezanso, koma sanafunse kanthu. Ine ndinajambula mwana wawo akulandira kabuku, n'kutsanzika.

Nyengo yozizira itayamba, boma linalola kuti ana a mayeso okha abwerere. A giredi seveni anavala mayunifomu awo n'kumadutsa m'midzi m'mawa uliwonse. Anga a giredi sikisi anatsala kunyumba, kumangowaonerera. Ife tinkadziwa chifukwa chake, tinkamva pawailesi ndi m'mafoni. Sitinaganize zoti wina akafotokozere makolo kuti enawa sanatayidwe. Kufotokoza kulibe chithunzi.

Akazi a aHedi ankakazinga nsomba pamsewu, pafupi ndi sukulu. Loweruka lina masana ndinagula pende mmodzi wonenepa, anandikulungira, ndinapita kunyumba. Ndinasamba m'manja, ndinakhala pakhonde, ndinafunyulula. Nsomba inali yotentha, yonunkhira bwino. Ndinanyema kachidutswa n'kuika mkamwa, ndipo ndikutafuna maso anga anagwera papepala. Zilembo zopendekera kumbuyo.

Linali tsamba lomaliza, la bokosi lija. Mafuta anali atalowerera, koma pensulo inkaoneka bwinobwino. Mawu ake ndimawadziwa pamtima.

"Madamu, amayi akuti mubwere mudzalankhule ndi atate. Atate akuti sukulu yatha ndiye ndipite ku Zumbo kwa atete ndikathandize kugulitsa nsomba. Akuti mukabwera inu kuwauza kuti sukulu ikaliko ndikhala. Ine sindifuna kupita. Aka n'kachiwiri kulemba. Mubwere mapira asanathe kukolola."

Mapira anali atakololedwa kalekale. Nsomba yomwe inali mkamwa ndinailavulira pansi, galu wa oyandikana nawo n'kudzatola. Ndani kuno sadziwa tanthauzo la mtsikana wamsinkhu umenewo kuwoloka kupita ku Zumbo, tsidya la Mozambiki, kwa atete, azakhali ake? Amapita ndi kachikwama ka zovala, ndipo tikadzamvanso za iye amakhala ali ndi mwana kumsana.

Ndinabwerera pamsewu ndikuthamanga, pepala lili m'manja. Katoni ija inali pansi pa tebulo la akazi a aHedi aja, pambali pa chigubu cha mafuta, itatsala theka. Ndinawafunsa kuti mapepalawa awatenga kuti. Sanachite manyazi ngakhale pang'ono, anapitiriza kutembenuza nsomba m'chiwaya.

"Ni ba Hedi bananipasa. Banati yasila nchito, banajambula kudala. Nanga yazingonkhala chabe mu sitolo, makoswe yadye?"

Ndinagwada pafumbi pomwepo, anthu ogula akundiyang'ana, n'kuyamba kufukula. Timabuku tinali titang'ambidwa kale tsamba ndi tsamba, kuti kukulunga kusavute. Ndinkafuna masamba omaliza okha. Ndinapeza ambiri kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo mabokosi ake sanali opanda kanthu. Bambo wina anafunsa kuti masamu ogawa aatali aja amayambira kuti, chifukwa iye anaiwala ndipo mwana akulira. Mwana wina analemba kuti wailesi yawo imangoimba. Mayi wina anangothokoza kuti tikuwakumbukira. Anthu anatenga mawu anga ngati a munthu wamkulu, anakhala pansi, analemba, ndipo ife tinawapatsa anthu a pamsewu kuti apukutire zala. Uthenga woyamba wa mtsikana uja sindinaupeze. Wina anali atadyerapo kale nsomba yake n'kuutaya.

Tsiku lomwelo ndinapalasa njinga kupita kumudzi kwawo. Dzuwa linali litapendeka. Ndinapeza mayi ake ali pa uvuni wowambira nsomba, utsi uli tolotolo, maso ofiira. Anandiyalira mphasa monga mwa ulemu, anagwada, anandipatsa moni wonse bwinobwino. Ulemu umenewo unandiwawa kuposa kutukwanidwa. Ndinafunsa kuti mwana ali kuti.

"Anayenda," anatero. "Sabata yatha. Atete bake banabwela na bwato."

Bambo ake anatulukira kuseri kwa nyumba, ukonde uli paphewa. Ndinali nditakonzekera kukangana nawo. M'njira monse ndinkasula mawu, za ufulu wa mwana wamkazi, za tsogolo, zonse zija timaphunzitsidwa kumisonkhano. Ndinkayembekezera munthu waukali. Koma iwo anakhala pansi, anavula chipewa, n'kulankhula mofatsa.

"Madamu, ine sindine munthu woipa. Amake ananiuza kuti talembela ba ticha, bazabwela. Ninati chabwino, niyembekeza. Munabwela, munajambula, munayenda. Munabwela futi, munajambula, munayenda. Manje naona bana ba anzanga bavala yunifomu, wanga ali pa nyumba. Ninati basi, sukulu yasankha bamene ifuna. Nanga mwana mkulu azingonkhala?"

Ndinayamba kufotokoza za ana a mayeso, kuti enawa adzatsegulira pambuyo, kuti malo ake alipo. Mawu anga ankamveka opepuka ngati mankhusu. Anali mawu oyenera, koma ofika mochedwa ndi miyezi iwiri, ndipo akanangotenga nthawi yochepa kuposa yomwe ndinkataya pomanga masiki kumakutu a mwana wawo. Bambowo anagwedeza mutu, anati amva, koma mlongo wawo wamudalira kale mwanayo, sangakamulande ngati mbuzi yobwereka. Nditaimirira kuti ndizipita, mayi aja anandiperekeza mpaka panjinga monga kale.

"Munaniuza kuti mwaona," anatero.

Sanakweze mawu. Ndinakankha njinga mpaka kutuluka m'mudzi, osaikwera.

Lolemba ndinalowa mu ofesi ya aHedi osagogoda, n'kuika pepala lamafuta lija patebulo pawo, pamwamba pa mafaelo. Analinyamula ndi nsonga za zala, anawerenga, anapumira m'mwamba. Anati n'zomvetsa chisoni, makolo a kuno savutikira maphunziro a ana. Ndinawauza kuti kholo limeneli linavutikira, linalemba kawiri, ndipo kalata yake akazi awo anakulungira pende. Nkhope inasintha.

"Madamu, musakweze mau. Imwe munachonga yangati? Kiyi inali apa, pa msomali. Elo lipoti yathu banaitamanda maningi. Onani."

Analoza kukhoma. Anali atatsukitsa chithunzi chimodzi ku Boma n'kuchimata pakati pa kalendala ndi ndandanda ya ntchito. Ana asanu pamphasa, mamasiki kumaso, mapensulo m'manja. Pakati pawo mtsikana wamanzere, wailesi yakufa pamiyendo, mutu utapendekera ngati akumva mawu okoma. Ndinajambula ndine. Ndinkafuna kuwatukwana aHedi, ndipo mawu ndinali nawo okwanira, koma funso lawo linali litandibaya pamalo oyenera. Ndinatola pepala langa n'kutuluka. Chithunzicho chinakhala pakhomapo mpaka dzuwa linachifufutitsa.

Ndinayesa zomwe ndikanatha. Ndinapita kudoko la ku Boma, komwe mabwato a ku Zumbo amakocheza, n'kumafunsa amayi ogula nsomba. Ena ankamudziwa mtsikana uja. Ndinawapatsa kalata, ndinawapatsa ina. Yankho linabwera lapakamwa, kuti ali bwino, akupereka moni, kuwerengera ndiye palibe womuposa pamsika wonse. Mayi amene anandiuza zimenezi ankayesa akundisangalatsa.

Sukulu inatsegulidwa kwa onse kutentha kutayambanso. Tinagawa kalasi pawiri, ena m'mawa, ena masana, masiku ena kusukulu, masiku ena kunyumba ndi timabuku. Nthawi imeneyo timabuku ndinkatenga ndekha, kupita nato kunyumba kwanga, kuyambira tsamba lomaliza. Mabokosi ambiri tsopano ankabwera opanda kanthu. Nkhani ya nsomba inali itamveka m'midzi, ndipo anthu a kuno sapusitsidwa kawiri. Poitana mayina m'mawa ndinkafika pa dzina la mtsikana uja, ana n'kuyankha onse pamodzi kuti anawoloka. Patatha milungu ingapo aHedi anandiuza kuti ndilidule mzere.

Sabata yomweyo mayi ake anabwera kusukulu. Anaima panja pa kalasi, dengu pamutu, mpaka ana atatuluka. Anatulutsa kanthu kokulungidwa m'pulasitiki ya shuga. Anati anakapeza katsomekedwa kudenga pokonza udzu. Kanali kabuku komaliza komwe ndinamupatsa mwana wawo, tsiku lija ndinamujambula akulandira. Anakamaliza asanapite, n'kuwauza kuti adzandipatse ndikadzabwera, koma iwo sankadziwa pomwe anakasunga.

Ndinawapempha akhale pabenchi. Ndinatenga cholembera chofiira, n'kuchonga pamaso pawo, tsamba ndi tsamba, funso ndi funso, monga ndinkayenera kuchitira kuyambira pachiyambi. Masamu onse anakhoza. Pa Chingerezi analakwitsa pawiri. Mayiwo sadziwa kuwerenga, koma ankatsatira dzanja langa ndi maso, ndipo chizindikiro chilichonse chokhoza ankachigwedezera mutu. Ndinkachedwa dala, chifukwa ndinkaopa tsamba lomaliza. Ndinkati mwina wandidandaulira, mwina wanditukwana, ndipo ndinali wokonzeka kulandira chilichonse.

Ndinatembenuza. M'bokosimo munalibe kanthu, ngakhale kadontho ka pensulo.

"Walemba chani apo?" anafunsa mayiwo.

Nthawi ino ndinawauza zoona.